Manda Obwereka ku Nairobi

Kibera, Nairobi
9 Novembala 2003

Okondedwa alamu a Reinford,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi apongozi anga aNankhoma ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino. Mvula yayamba ndipo tinjira ta ku Kibera ndi matope okhaokha. Mundiuze ngati kumeneko yagwa, ndiponso ngati mwendo wa mayi unaphwa. Mwana wanga Deliwe mumuuze kuti chithunzi chake cha yunifolomu ndinachilandira. Pamphumi wayamba kufanana ndi amake.

M'kalata yanu munafunsanso za chiliza cha mlongo wanu Consolata. Munati chaka chamawa zikwana zaka zisanu chimwalirire, ndipo mayi akufuna aone ngakhale chithunzi cha chilizacho kuti mwambo wondisudzula uchitike mitima ili m'malo. Ndachedwa kuyankha chifukwa sindimadziwa poyambira.

Mwezi watha ndinapita ku ofesi ya kumanda kukapempha chilolezo chomangira. Mlembi wa kumeneko anandiuza kuti mbali imene tinaika Consolata ndi ya manda obwereka. Kuno zimenezi ziliko, alamu. Pali manda ogula, amene munthu amagonamo mpaka kalekale, ndiye pali obwereka, amene pakapita zaka amawasalaza n'kuikapo anthu ena pamwamba. Pa obwerekawo salola chiliza. Nthawi ya maliro ija zonse anayendetsa ndi Amalawi anzathu a kutchalitchi, ine mutu sunkagwira, ndipo iwonso ankangoti manda ndi manda. Sindikuloza chala munthu. Mlembiyo wati mbali yathuyo adzaisalaza mvula yaikulu ya chaka chamawa ikadzatha, cha mu Ogasiti. Zikadzatero palibe amene adzadziwe pamene Consolata wagona.

Mayi musawauze kaye. Ndikufunafuna njira, ndipo ndikaipeza ndidzakulemberani.

Ntchito ndikadali pomwe paja, pa kampani ya Matchaina imene ikumanga nyumba zosanja ku Kilimani. Ndimasunga makiyi a sitolo ya zipangizo. Pali mkulu wa akalipentala, bambo wa imvi, dzina lawo a Liao, amene anandipempha kuti ndiziwaphunzitsa Chingerezi nthawi ya nkhomaliro. Ine amene ndinalekera Fomu 2 lero ndasanduka mphunzitsi. Timakhala pa mulu wa matabwa, iwo ndi kabuku kawo komasulira mawu, ine ndi choko. Sabata ino tinali pa mawu akuti sufficient, amene amatanthauza kuti chinthu n'chokwanira. Anawapeza pa pepala la injiniya ndipo sakufuna kuwasiya. Misomali ndi sufficient, matabwa ndi not sufficient, ngakhale dzuwa lomwe. Ndinawauza kuti mawu amenewa ndi a mu ofesi, amayenera simenti, nthawi kapena chifukwa, koma munthu akamakuthirira tiyi umangoti enough. Anagwedeza mutu kuti amva. Mawa lake mayi wogulitsa chimanga chophika ndi nyemba atawaonjezera chipande, anamuweramira n'kunena kuti, "Sufficient, madam." Anyamata apantchito awapatsa dzina loti Mzee Tosha, poti mzee ndi munthu wamkulu ndipo tosha ndi kukwana komweko m'Chiswahili.

Ndakulemberani zimenezi kuti mudziwe kuti masana ndimakhala ndi wocheza naye.

Ndine mlamu wanu,
Jerome Kalilangwe


Linthipe, Dedza
28 Disembala 2003

Alamu,

Moni. Ife tili bwino, mvula inagwa ndipo tili pa kalikiliki wopalira. Mwendo wa mayi umaphwa m'mawa, madzulo n'kutupanso.

Kalata yanu ndinakaiwerengera kuseri kwa nkhokwe. Manda obwereka? Kodi manda ndi khasu, loti ukamaliza kulimira ukabweze? Ndinakhala masiku ndisanamvetse, koma ndinasunga pakamwa monga munapempha.

Chimene chandilembetsa lero ndi china. Mukuwadziwa mayi Lenah a kwa Chimbiya, amene amagwira ntchito ku bungwe lina kumeneko ndipo mumapemphera nawo. Abwera kudzadya Khirisimasi. Lamulungu potuluka m'tchalitchi anauza amayi anzawo kuti tsiku lina anapita kumanda kukaperekeza maliro a mwana wa mnzawo, ndipo chapatali anakuonani inu mutaima pa mtumbira wa achemwali ndi Mtchaina wokalamba. Akuti Mtchainayo analasa chitsulo chachitali m'mandamo, n'kuchizula, n'kumachinunkhiza, inu mukungoyang'ana. Akuti anafuna kukupatsani moni koma anangotembenuka n'kuchoka.

Alamu, inu munakulira kuno. Mukuwadziwa anthu amene amanunkhiza manda. Pano mudzi wonse ukukamba. Ena akuti Matchaina amagula mafupa a anthu n'kumapangira mankhwala, ena akuti n'chifukwa chake simubwera kumudzi ndipo simufulumira kusudzulidwa. Deliwe anamufunsa pa mjigo ngati bambo ake agulitsa kale mutu kapena ayambira miyendo. Anabwera ndowa ili yopanda madzi.

Ine sindinakuoneni mukuchita choipa chikwatirire achemwali. Koma ndinakufunsani za chiliza, inu n'kundilembera za Chingerezi cha Mtchaina, ndipo lero ndikumva kuti mwana wasukulu wanuyo ali ndi chitsulo pa manda a mlongo wanga. Phunziro limenelo ndi la Fomu chani? Ndiyankheni mosazungulira.

Ndine,
Reinford Dzimbiri


Kibera, Nairobi
18 Januwale 2004

Okondedwa alamu,

Zikomo chifukwa chondifunsa ine mwini wake. Moni kwa mayi ndi kwa Deliwe. Mwanayo mumuuze kuti ndamva zimene zinamuchitikira pa mjigo, ndipo zandipweteka.

Zimene mayi Lenah anaona n'zoona. Chitsulo chinalipo ndipo a Liao anachinunkhizadi. Ndifotokoze mmene zinafikira pamenepo.

Tsiku lina pophunzira anaona kuti sindikudya, nandifunsa chavuta. Ndinawauza m'Chingerezi chosavuta, kwina ndikujambula ndi choko pa thabwa. Ndinajambula bokosi limodzi pansi, lina pamwamba. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anafunsa kuti papita zaka zingati ndiponso dothi lake ndi lotani. Ndinadabwa kuti sakudabwa.

Iwo amachokera ku mapiri a kummwera kwa dziko lawo. Akuti kwa anthu a mtundu wawo manda oyamba a munthu aliyense ndi obwereka. Amamuika kuti nthaka imalize ntchito yake, ndipo pakapita zaka ana ake amabwera, kufukula, kutola mafupa onse, kuwapukuta limodzilimodzi, kuwaika mu mtsuko n'kupita nawo ku manda enieni a makolo. Akuti pamenepo m'pamene maliro amatha. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo awo, ndipo mafupa a mayi awo anawapukuta ndi manja awo. Akazi awo nawonso anamwalira. Ali m'manda oyamba, akudikira kuti a Liao amalize nyumba za ku Kilimani.

Alamu, ine ndinakula ndikudziwa kuti wofukula manda ndi mfiti. Sindinkadziwa kuti pansi pa thambo lomweli pali anthu amene mwana wosafukula amake amamuona ngati wosaleredwa. Usiku umenewo sindinagone, osati ndi mantha, koma ndi kudabwa kuti dziko la Mulungu ndi lalikulu chotere ndipo ine ndadziwako kangodya kokha.

Lamulungu lotsatira anandipempha kuti ndikawaonetse malowo. Anavala malaya oyera. Asanachite kanthu anawerama katatu pa mtumbira. Chitsulo chija ndi chimene amadziwira ngati nthaka yamaliza. Atachinunkhiza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Now, not sufficient. After big rain, sufficient." Ndi mawu omwe aja ndinawaphunzitsa pa mulu wa matabwa. Sindinaganizepo kuti adzawanenera pa manda a mkazi wanga, ndipo anawanena pamalo pake.

Kufukula kuno kumafuna chilolezo cha khothi. Ndinapitako, ndipo a Liao anandiperekeza ngakhale sanamve zambiri. Pa pepala panalembedwa kuti wopempha aonetse chifukwa chokwanira, ndipo mawu a Chingerezi ake anali omwewo. Nkhalambayo inawaloza ndi chala ikumwetulira ngati yakumana ndi mbale wake m'basi. Woweruza anamva nkhani yanga, nati kufuna kukaika munthu kwawo n'chifukwa chokwanira, ndipo mawu a mwamuna wake okha ndi okwanira. Chilolezo ndili nacho.

Koma ine ndikudziwa kuti kwathu sizili choncho. Ine ndine mkamwini chabe. Mwini mbumba ndinu, ndipo amene anamubereka ali moyo. Pepala la khothi silingandiuze kuti ndikhudze Consolata inu musanalole. Ndiye ndikupempha zinthu ziwiri. Mundilole ndimufukule mvula ikatha, asanasalaze. Ndipo mumulandire, akagone pafupi ndi bambo ake ku Linthipe.

A Liao sakufuna malipiro. Nditawafunsa anakwiya, tsiku limenelo sitinaphunzire.

Tsopano mayi muwauze. Ngati n'kotheka muwawerengere kalata yonseyi.

Ndine mlamu wanu,
Jerome


Linthipe, Dedza
21 Malichi 2004

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, ndabwera ku tchuthi. Mayeso a teremu ino ndinakhoza, kupatula masamu. Chingerezi ndinakhala wachitatu, ndiye wophunzira wanuyo mumuuze kuti asayerekeze kupikisana nane.

Ndikudziwa kuti mukudikira yankho la malume. Musaganize kuti kalata yanu inasochera. Inafika, ndipo malume anayenda nayo m'thumba mwezi wathunthu osanena kanthu. Agogo ndi amene anawaitana okha. Anati amva zokwanira kwa amayi a kutchalitchi, tsopano akufuna kumva za mkamwini wawo. Malume anawerenga yonse pakhonde, ine ndili pomwepo ndikusenda nyemba. Pofika pa mtsuko paja malume anaima, agogo anati pitirizani.

Atamaliza, agogo sananene za ufiti ngakhale pang'ono. Anangofunsa kuti ngati kumeneko amasanjikiza anthu, inu mudzadziwa bwanji kuti amene mwatola ndi mwana wawo. Anati mwina pansi pake panali kale wina, mwina mabokosi anaphwanyikirana. Ine ndinati malowo ndikuwakumbukira, pafupi pali mtengo wa maluwa ofiirira, ndinaima pamenepo tsiku la maliro. Agogo anati mtengo si munthu.

Adzukulu okumba manda nawonso akana. Akuti iwo amakumbira munthu amene amuona nkhope, ndipo kuika mafupa a mlendo pakati pa makolo kungadzetse zovuta pamudzi. A Morris, amene amawatsogolera, anati chiyambire sanakumbirepo mphika. Anthu anaseka koma ine sindinaseke. Bambo mfumu a ku parishi anauza malume kuti Mpingo suletsa ngati zachitika mwaulemu, koma manda ndi a mudzi, si a parishi.

Malume sakudya bwino. Amayamba kukulemberani n'kung'amba.

Ababa, ine sanandifunse, koma ndikufuna amayi abwere. Anzanga akapita kukasesa pa manda a amayi awo ine ndimatsala ndikuchapa. Nkhope yawo yayamba kundisokonekera, ndimakumbukira bwino mawu okha, mmene ankandiitanira pa khonde ku Nairobi.

Kodi n'zoona kuti Matchaina amadya njoka? Anzanga akundifunsa. Mundilembere, ndipo mundiuze ngati chifuwa chija chinasiya.

Ndine mwana wanu,
Deliwe


Linthipe, Dedza
9 Meyi 2004

Alamu,

Moni. Pepani pochedwa. Takolola, chimanga chachita pang'ono.

Fukulani. Ndalola chifukwa sindingathe kugona ndikudziwa kuti mlendo adzagona pamwamba pa mlongo wanga. Koma kulola kufukula ndi nkhani ina, kulandira ndi nkhani ina. Mayi sanasinthe. Akuti sangalire kawiri, kachiwiriko n'kulirira mwana wa eni ake. Mayi akapanda kuvomera, adzukulu sagwira khasu, ndipo ine sindingawakakamize.

Ndiye musakwere basi musanamve kwa ife. Mukadzamaliza mudzatilembere zonse zimene mwapeza, osabisa kanthu, zabwino ndi zoipa zomwe. Zikadzakanika mudzafune malo ogula konko, ife tidzasonkha.

Zija ndinalemba za chitsulo, musazisunge kumtima. Ndinalemba ndili ndi moto.

Reinford


Kibera, Nairobi
27 Juni 2004

Kwa mayi aNankhoma, kudzera mwa alamu a Reinford,

Mayi, ndikupereka moni mwaulemu. Sindinakulemberenipo chikhalire, ndipo mundikhululukire kuti lero ndalumpha mwambo. Nkhaniyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Alamu anati ndisabise kanthu, ndipo sindibisa.

Tinapita Lachinayi m'mamawa, kukuzizira. Tinalipo ine, a Liao, mkulu wa zaumoyo wochokera ku boma ndi anyamata awiri okumba a kumanda komweko. A Liao anabwera ndi nsalu zoyera, sefa yatsopano, botolo la mowa woyera wa mpunga, makala, ndi ambulera yakuda yaikulu. Ambulerayo anandipatsa ine. Anati dzuwa lisaone mafupa, ndipo woigwira ayenera kukhala wapabanja.

Asanakumbe anandifunsa dzina lake, nalitchula katatu, movutikira koma lonse. Kenaka anati ndimuuze m'chinenero chake kuti tabwera kudzamusamutsa, asachite mantha ndi phokoso la makasu. Ndinayang'ana anthu aja. Kenaka ndinanena. Ndinati, "Make Deliwe, ndine. Tabwera kudzakutenga." Chimwalirire ndinali ndisanamulankhulepo mokweza.

Anyamata atafika pa matabwa, a Liao anawaletsa. Anavula nsapato n'kutsikira m'dzenjemo okha, munthu wamkulu ngati uja. Bokosi linali litawola ndipo denga lake linagwera mkati. Anachotsa dothi ndi manja. Nthaka inali itamalizadi ntchito yake. Panalibe fungo, koma la dothi lonyowa ngati la m'munda. Mafupa sanali oyera monga ndinkaganizira. Anali ofiirira, atatenga mtundu wa dothi la kuno.

Anayambira ku mapazi. Fupa lililonse ankalinyamula ndi manja awiri, kulipukuta ndi nsalu yonyowetsa mu mowa uja, n'kuliika pa nsalu yaikulu imene tinayala pansi pa ambulera, lililonse pamalo pake. Dothi lonse la m'mbali mwa manja ndi mapazi analisefa, kuti ngakhale kafupa ka chala kasatsale m'dziko la eni. Sanathamange, ndipo nthawi zina ankang'ung'udza kanyimbo ngati munthu amene akusambitsa khanda. Pang'ono ndi pang'ono munthu anayamba kuoneka pa nsalu paja, wamtali monga analili. Anyamata okumba aja, amene poyamba ankaseka ndi kusuta, anavula zipewa. Mkono wanga unachita dzanzi ndi ambulera koma sindinafune kusintha.

Mayi, ine ndaona maliro ambiri. Nthawi zonse timathamangira kukwirira, n'kutembenuka osayang'ana m'mbuyo. Sindinaonepo munthu akusamalidwa chotere, wamoyo kapena wakufa. Ndinaima pamenepo ndikuona mmene Mulungu anatilukira mkati, timafupa tosawerengeka, tonse togwirizana, ndipo misozi inkangotsika yokha popanda kulira.

Tsopano ndinene chimene chikundisowetsa tulo. Pansi pa bokosi lake panalidi zizindikiro za manda akale, monga munaopera. A Liao akuti mafupa sanasakanikirane, ndi a munthu mmodzi, wamkazi. Kolona tinaipeza, koma ndi ya pulasitiki yonga ya wina aliyense. Nsalu zinatha. Ndiye atafika pa mkono wamanzere, pakati pa chigongono ndi dzanja, anaima. Anayendetsa chala pa fupalo kangapo, kenaka anatenga chala changa n'kuchiyendetsa pomwepo. Pali chotupa chonga mfundo ya nzimbe, ndipo fupalo ndi lokhota pang'ono. Anati mkono umenewu unathyoka kalekale, mwini wake ali mwana wamng'ono, ndipo sunamangidwe kuchipatala. Anati amene anaumanga anamanga bwino, ndi zimene anali nazo.

Mayi, ine ndinakhala ndi Consolata zaka khumi ndi zinayi. Sanandiuzepo kuti anathyoka mkono, ndipo ine sindinaonepo kanthu. Ndayesa kukumbukira mpaka mutu kuwawa. Ndikadatha kungokhala chete osalemba zimenezi, koma ndikadakubweretserani chinthu chimene ine mwini ndikukayika. Ngati mwana wanu sanathyokepo mkono, ndiye kuti tafukula mwana wa eni ake, ndipo Consolata sindikudziwa kumene ali. Mundiuze zoona, ngakhale zikhale zimenezo.

Mafupawo tinawaumika pa moto wa makala wapatali, ndipo a Liao anawaika mu mtsuko waukulu umene ndinagula kwa mayi wina woumba kuno ku Kibera. Anayambira mapazi, kenaka miyendo yopinda, msana, mutu pamwamba, kuti akhale ngati munthu wokhala pansi akupuma. M'mipata anaikamo makala. Apanganso bokosi la matabwa loti mtsukowo usasweke m'basi. Anandilangiza kuti pa ulendo, tikamafika pa mtsinje uliwonse, ndizimuuza kuti tikuwoloka, chifukwa akuti womwalira sawoloka madzi ngati sanauzidwe, amatsalira kutsidya. Kuchokera kuno kudzera ku Tanzania mitsinje ndi yambiri. Ndawauza kuti ndidzayesetsa kusagona.

Mtsukowo uli m'chipinda mwanga, pakona, ndauphimba ndi chitenje. Mwini nyumba akuganiza kuti ndi mbewu. Madzulo ndikabwera kuntchito ndimapereka moni, koma dzina sinditchula, kuopa kuitana munthu ndi dzina la wina.

Ndidikira mawu anu.

Ndine mkamwini wanu,
Jerome


Linthipe, Dedza
18 Julayi 2004

Bambo a Deliwe,

Ndine aNankhoma. Akulemba ndi mdzukulu wanga, ndipo ndamuuza kuti alembe mmene ndikunenera, asakonze.

Ine ndi inu sitinayang'anizanepo maso. Mukamabwera njira iyi ine ndinkalowera iyo, monga mwa ulemu wa chipongozi. Lero ndilankhula nanu, poti mwandifunsa ngati munthu.

Consolata anali asanayambe sukulu. Tinkachokera ku chigayo pa ngolo ya amalume ake, iye atakhala pamwamba pa matumba, akuimba. Ng'ombe zinadzidzimuka ndi galu, ngolo inagwedezeka, mwana anagwa n'kutsamira mkono wamanzere. Inali nthawi ya dzinja, mtsinje unali utadzaza, kuchipatala cha mishoni kunalibe podzera. Bambo ake anali ku Joni. Reinford anali kumsana, n'chifukwa chake sakudziwa kanthu, ndipo akuti ndikuuzeni kuti wakhala pano kukamwa kuli yasa. Ndinadula nsungwi, ndinazisepa, ndinakoka mkonowo mwana akukuwa, ndinamanga ndi luzi. Unapola, koma unakhota pang'ono. Atakula ankachita nawo manyazi. Ankati akadzadziwa mwamuna adzamuseka, ndiye ankakonda malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala. Inu simunaone chifukwa iye sanafune kuti muone. Musadziimbe mlandu.

Nkhani imeneyi sindinauzepo munthu wa ku Nairobi, ndipo amene anaiona onse anapita. Deliwe atawerenga pa mfundo ya nzimbe paja ndinamuuza kuti abwereze. Anabwereza. Ndinalowa m'nyumba.

Mtchainayo akuti womanga anamanga bwino? Mukamuuze kuti ndine. Mukamuuzenso kuti amalize msanga nyumba zakezo, mkazi wake asadikire kwambiri. Ndamusungira nkhuku, ngati angabwere. Ngati sangabwere mudzamutengere mtedza.

A Morris ndi anzawo okumba manda anabwera dzulo. Anafunsa ngati akumbe kadzenje kolingana ndi mtsuko. Ndawauza kuti akumbe manda a munthu wamkulu, pafupi ndi bambo ake, poti amene akubwerayo ndi mayi wa mwana, si mphika. Za kukusudzulani tidzakamba iye atagona.

Kwerani basi. Pa mitsinje yonse ya m'maiko a eni muzimuuza monga anakulangizani, ndipo pa Songwe mumuuze kuti walowa kwawo. Koma mukadzafika pa mlatho wa Linthipe musadzanene kanthu. Mudzapemphe dalaivala aime tsidya linalo. Mwendo ukhale wotupa kapena wophwa, ndidzakhala ndili pomwepo, ndipo pamenepo ndidzamuwolotsa ndine.

Ndine apongozi anu,
aNankhoma